Lipoti la Munda Wanga Pansi pa Mbatatesi

Zinayamba Lachiwiri loyamba la Novembala, cha m'ma naini m'mawa, pamene ndinatsamiritsa njinga pa mtengo wa paini kunja kwa laibulale ya malo a boma ochitirako kafukufuku wa ulimi. Ku Kaphuka ndinachoka kukali chifunga, nditavala jekete la kutchalitchi, poganiza kuti nyumba ya mabuku imafuna ulemu.

Chinandiyendetsa ndi munda wanga wa kumtunda. Mbatatesi zinkafota masamba akali obiriwira, ukakumba n'kupeza zowola, zonunkha. Anthu a kafukufuku anabwerapo pa galimoto yoyera, anatapa dothi m'timajumbo, anazula mbewu zingapo, anandijambula nditagwira khasu, n'kundilonjeza lipoti. Lipotilo sindinalione. Ndinabzalanso kawiri, ndipo kawiri konse zinafota. Tsopano mvula inali pafupi, mbewu yomwe ndinapulumutsa m'mundamo itaphuka kale m'nyumba, ndipo ndinkafuna kudziwa chinthu chimodzi: ndibzalenso pamenepo kapena ayi?

Woyang'anira laibulale anali mayi wachikulire wovala majuzi awiri.

"Mwabwera kudzawerenga, bambo?" anafunsa modabwa, ngati ndanena kuti ndabwera kudzafunsira mbeta.

"Lipoti la munda wanga, mayi. La matenda a mbatatesi ku Kaphuka."

"Liyenera kukhalapo. Kuno sititaya kanthu. Kupeza ndiye nkhani ina."

Anatsegula chitseko cha mkati, ndipo ndinamva fungo lomwe ndinalisiya kwathu. Mashelefu onse achitsulo, kuyambira pansi mpaka kudenga, anali odzaza mbatatesi za mbewu, zoyalidwa bwino imodziimodzi, zitatulutsa timaso tofiirira. Mayiwo anafotokoza kuti denga la shedi yawo yosungiramo mbewu linasasuka ndi mphepo, ndipo akuluakulu atafunafuna chipinda chozizira, chouma, cholowa kuwala pang'ono ndiponso chosafikamo anthu, anapeza laibulale. Pa mfundo yomalizayo sanalakwe.

"Nanga malipoti ali kuti?"

"Pansi pake. Mbewu ikagona pa chitsulo imachita thukuta. Ndiye tinayala malipoti."

"Ndiye kuti mbatatesi izi n'zophunzira kuposa ine."

"Kuposa tonse, bambo. Izi zimagonera pompano. Inu mwangobwera lero."

Panali lamulo. Mlendo asakhudze mbewu, chifukwa manja a alimi amanyamula matenda. Malipoti ndinali ndi ufulu wonse wowawerenga monga nzika, bola osasuntha mbatatesi. Choncho mayiwo ankatola mbatatesi n'kumaika m'beseni, ine manja kumbuyo n'kumasuzumira chikuto chomwe chaonekera. Tinakumana ndi lipoti la maapozi, la nyemba, la nsabwe za mitengo ya paini. Tikaona kuti si limenelo, mbatatesi zinkabwerera pa malo ake, timaso tikuyang'ana kumwamba, pakuti dongosolo ndi dongosolo. Malipotiwo sanayalidwe potsata chaka kapena mutu. Anayalidwa potsata kukula kwa pepala.

Dzuwa litapendeka, pa shelefu ya pansi, mayiwo anaseka.

"Bambo, si inu awa?"

Ndinali ine. Pa chikuto, nditagwira khasu, nditaima ngati munthu amene zinthu zikumuyendera. Chithunzicho chinatuluka bwino ndithu, kupatula kuti mbatatesi ina inawolera pa tsaya langa n'kusiyapo banga lozungulira.

Kutuluka nalo panja kunali koletsedwa, poti linali limodzi lokha ndipo linali pa ntchito. Makina okopera mapepala analipo, atafundidwa nsalu yoluka, koma inki inatha kalekale. Ndinawerenga choimirira pa windo. Chingerezi changa cha Folomu 4 chinakwanira. Lipotilo linati matendawo amakhala m'dothi. Munda wotero upume ku mbatatesi ndi tomato kwa zaka zingapo, mubzalidwe chimanga. Mbewu yochokera m'mundamo isabzalidwe kwina kulikonse, chifukwa imayenda ndi matendawo. Ndinayang'ana chaka pa chikuto: lipotilo linatha kulembedwa ndisanabzale kawiri kaja. Tsamba lomaliza linati alimi okhudzidwa adziwitsidwe mwamsanga.

"Mwamsanga," ndinawerenga mokweza.

"Nanga si mwadziwa?" anatero mayiwo.

Sanali kundinyoza. Analandira lipotilo ndi manja awiri, analiyala pa shelefu, n'kuyamba kundisanjikira mbatatesi kumaso. Ndinawathokoza. Iwo anati ndidzabwerenso, makamaka mbewu ikadzapita kumunda, chifukwa nthawi imeneyo laibulale imakhala yosavuta.

Kunyumba ndinapeza mayi a kunyumba akuanula zovala.

"Akuti chiyani ophunzira?"

"Akuti chimanga. Mbewu ili m'nyumbayi tidye."

"Yonse ija? Yomwe munkandiletsa kukhudza ngakhale ana akulira?"

"Yomweyo."

"Nanga iwowo mbewu yawo amasunga kuti?"

"Pamwamba pa ine," ndinatero, ndipo ndinavula jekete.

M'mawa mwake ndinatulutsa mbewu ija, ndinathothola timaso tonse kuti mtima usadzandinyenge, n'kuitula pakhomo pa khitchini. Kenako ndinatenga khasu lomwe lija la pa chithunzi, ndinakwera kumtunda, n'kuyamba kugumula mizere ya mbatatesi kuti ndiunde ya chimanga.