Dothi la pachulu cha kuseri kwa fakitale

Ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba, mtima wanga unkangofuna dothi. Lija logulitsa mumsika wa Lundazi sindinkalifuna, linkanunkha utsi. Langa ndinkakagamula ndekha pachulu china kuseri kwa fakitale ya thonje, pafupi ndi kwathu. Linali lofiirira, lonunkhira ngati mvula yoyamba. Amuna anga ankandiseka kuti ndidzabereka njerwa.

Tsiku lina m'mawa ndinapeza anthu ovala zipewa zolimba akukhoma zikhomo zofiira m'thengomo. Wamkulu wawo anali mayi wochokera ku Lusaka, katswiri wa miyala ndi nthaka. Anali atagwada pachulu changa chenichenicho, akuthira dothi m'timapepala ta pulasitiki. Magazi anandiwira. Chulu chimenechi ndinkachisamala ngati munda.

"Monire mama," ndinatero mouma. "Kodi nanunso mumadya?"

Anaseka, koma ataona mimba yanga ndi kakhasu kanali m'manja mwangamu, kuseka kunathera panjira.

"Amai, mumatenga dothi pano? Munayamba liti?"

"Chiyambire mimbayi."

Anandikhazika pansi n'kutambasula mapu pabondo pake. Anati kale a fakitale ankakumba maenje n'kukwirira migolo ya mankhwala ophera tizilombo ta thonje, koma malo ake sanawalembe. Ntchito yawo inali kupeza maenjewo n'kuwajambula. Anandionetsa kuti pansi pathupa pali mwala wowola wolowa madzi, ndipo mankhwala akadontha amatsetsereka nawo kulowera kudambo.

"Nanga chulu chalakwanji?" ndinafunsa.

"Chiswe chimakumba pansi kwambili, amai. Zili pansi, chimabweletsa pamwamba. Ndiye cake tipima pa chulu."

Mwana anagunda m'mimba nthawi yomweyo. Mkamwa munali mudakali kachidutswa ka dothi la dzulo pakati pa mano. Ndinalavula, n'kulavulanso, mpaka kukhosi kunauma. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo pamwamba pake panakwera ukali. A fakitale mpanda anamanga wotchinga thonje lawo kuti tisabe, koma poizoni anamusiya kunja kopanda ngakhale chikwangwani.

Dothi lija analitumiza ku Lusaka. Podikira yankho, chakudya sichinkatsika. Apongozi anga ankati amayi onse akhala akudya dothi ndipo ana amabadwa, ndisiye kudzidwalitsa. Kusikelo anamwino anamvetsera mtima wa mwana n'kunena kuti ukugunda bwino, zinazo makina awo sangaone. Choipa kwambiri n'chakuti thupi linkalifunabe dothilo. Mvula ikawaza pabwalo, malovu ankadzadza mkamwa, ine n'kumadzida.

Mayi uja anabwera yekha kunyumba, mapu ali m'manja. Pamapupo, mzere wofiira wozungulira dzenje lalikulu unadutsa chuluchi n'kuchisiya mkati.

"Mankhwala tawapezamo, koma pang'ono," anatero.

"Pang'ono kwa ine kapena kwa mwana?"

Anayang'ana pansi. "Ine nidziwa za nthaka cabe, amai. Siningakunamizeni."

Mwana anabadwa wamkazi, analira mokweza, zala zonse zilipo. Chulu anachigumula, pamalopo anatchinga ndi waya. Pano mtsikanayo ali kusukulu, ndi wovuta ngati mayi ake. Koma ndikamuitana iye n'kuchedwa kutembenuka, kapena akadandaula mutu, mkamwa mwanga mumabwerera fungo la mvula yoyamba, ndipo ndimatuluka panja kukalavula.