Denga la Nkhokwe ya a Norbert

A Norbert anagwira umesenjala kukhoti mpaka imvi mbuu. Atapuma anabwerera kwa akazi awo ku Mphunzi ndi jekete imodzi ndi funso limodzi: "Lamulo lake ndi liti?"

Ngolo ya a Damiano, oyandikana nawo nyumba, itatitimira m'matope, a Norbert anatulutsa mpando n'kumaonerera. Kumanda sankagwira khasu, ati msana, koma pa nyama ya okumba manda msanawo unkachira. Odwala sankawazonda. Ukawadzudzula ankakufotokozera mofatsa, ngati mwana wa sukulu, kuti palibe woweruza angamange munthu chifukwa chosazonda matenda. Chimene chinkandipsetsa mtima ine n'chakuti sankanama.

Manyazi onse ankasenza ndi akazi awo, a Magadalena. Kumaliro ndi nkhuni pamutu, kuchipatala ndi phala, uku akupepesa kuti abambo sakupeza bwino.

Chaka chatha chimanga chinachita bwino. A Norbert analuka nkhokwe yaikulu n'kuthiramo chonse, denga n'kulimangira pansi monga timachitira, loti amuna adzalinyamule pamodzi. Atawaitana, amuna anabweradi, koma ndi bawo, n'kukhala pansi pa mtengo wa pichesi.

"Abale, tagwirani denga, mitambo iyo!"

A Damiano sanadzutse n'komwe mutu. "Lamulo lake ndi liti, achimwene?"

Mvula yamawawa inayamba, ya kuno kumapiri yosadziwa kuleka, chakudya cha chaka chonse chili pamtetete. A Magadalena anazungulira m'makomo, ndipo amayi anzawo anabwera atamanga zitenje m'chiuno. Pofuna kuti ntchito ioneke ngati yawo, a Norbert anakwera makwerero n'kulumphira m'nkhokwemo kuti azilamula ali m'kati.

"Kumanzere! Pang'ono! Tsitsani tsopano!"

Denga linakhala bwinobwino, amayi n'kubalalika kuthawa mvula. Koma nkhokwe za kwathu zilibe chitseko. Polowera ndi potulukira ndi pamwamba pomwepo, wina akakutukulira denga.

"Amake Ufulu!" anafuula mwamunayo. "Tanditukulirani dengali nditulukemo!"

A Magadalena anapukuta manja pachitenje, n'kunyamula kambale ka phala kamene anakonzera a Falesi, odwala a kuseri kwa phiri.

"Chimanga chapulumuka, abambo," anatero. "Zotulutsa munthu m'nkhokwe, lamulo lake ndi liti?"