Funso la Uvuni wa Makala

Zaka zonse zimene ndinaphunzitsa Jogalafe pasekondale yoyendera kufupi ndi Chitakale, mutu wa mapiri ophulika unkanditopetsa koopsa. Ujambule pabolodi, ufotokoze mpaka kummero kuume, ana amangokuyang'ana ngati ukuyankhula Chipwitikizi.

Tsiku lina masana, Fomu 3 ikuwodzera, ndinaponya buku patebulo.

"Tamverani inu! Phiri likalavula chiphalaphala, pakamwa pake pamatsala dzenje. Imeneyo ndi kereta. Koma chiphalaphala chikatha m'mimba mwa phiri, mkati mumatsala mphako, nsonga yonse n'kutitimira. Chidzenje chachikulucho ndiye kalidera. Mwamva?"

Ana anapitiriza kuwodzera.

"Chabwino. Ndani anaonapo uvuni wa makala ukupsa?"

Apa ndiye ndinalakwa. Kwathu kuno funso limenelo safunsa pagulu. Aliyense amadziwa kuti makala amachokera m'nkhalango ya phiri, koma satchula. Ine wobadwira konkuno, kutopa kunandiiwalitsa.

Mtsikana wina wakumbuyo, amene chaka chonse sanakwezepo mkono, anaimirira.

"Aphunzitsi, nkhuni zikapsa mkati, dothi lapamwamba limatsika lokha. Ababa amati ukaona pakati patitimira, ndiye kuti mkati mwatha. Wathu watitimira dzulo lomweli, kumtunda kwa mtsinje, njira ya ku Chambe."

"Eyaa! Kalidera ndi imeneyo!"

Ndinauza kalasi imuombere m'manja. Mwanayo anakhala pansi akumwetulira, ine ndikudzimva kuti lero ndaphunzitsa. Sindinaganize n'komwe kuti m'kalasi momwemo munali ana a alonda a nkhalango.

Amene anakanena sindimudziwa, mwina anangocheza nazo kunyumba. Sabata isanathe bambo aja anagwidwa, matumba ndi njinga n'kulandidwa. Lolemba desiki ya mwanayo inalibe munthu. Ndinadikira, mayeso a teremu n'kudutsa.

Patapita miyezi ndinamupeza pasiteji ya minibasi atasenza lichero la zinanazi, mng'ono wake kumsana. Ndinamuuza kuti malo ake alipobe, abwerere kusukulu. Ndikuyankhula choncho manyazi anali atandigwira, mawu anga akundinyansa ndekha.

"Ababa sanatuluke kundende, aphunzitsi. Anawa adya chiyani?" Anayang'ana pansi. "Koma tsiku lija ndinayankha bwino, eti?"

Ndinamuuza kuti inde, anayankha bwino kuposa onse. Kondakitala anakuwa za Limbe, iye n'kuthamangira pawindo ndi zinanazi zake.