Galimoto Yomwe Inawakanika a Mawaya

A Mawaya alibe galimoto, ndipo sanakhalepo nayo. Kuntchito amapita pa njinga yakapalasa, chikwama cha zipangizo atachimangirira pakaliyala ndi mphira. Koma funsani dalaivala aliyense kuti ndani amadziwa mitsempha ya galimoto, akulozerani kushedi kwawo, kuseri kwa malo ogulitsira matayala. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Ngakhale akazi awo akapsa mtima amangoti, "Inu a Mawaya inu."

Ali mnyamata ankakonza mawailesi. Mawailesi atayamba kutha fasho anasamukira ku magetsi a galimoto: nyali zokana kuyaka, hutala yosasa mawu, batire losachedwa kufa. Zinkangowapatsa ya sopo basi. Mwayi wawo unadza ndi galimoto zakunja zoyendapo kale, zimene zinabwera ndi khalidwe lachilendo. Ukangoyenda pang'ono usanamange lamba, kabelu kayambapo: ti, ti, ti. Ukakanyalanyaza kamakweza mawu ngati mwana wofuna kuberekedwa, ndipo sikatopa.

Anthu anadana nako kabeluko, ndipo a Mawaya anakapezera mankhwala. Pansi pa mpando wa dalaivala pamakhala kapulagi ka mawaya awiri. Galimoto zina ankangozula kapulagiko, zina ankadula mawayawo n'kuwalumikiza, kenako n'kukulunga bwinobwino ndi tepi yakuda. Ntchito ya mphindi zitatu, koma iwo ankagona pansi pa mpandopo theka la ola, akubuula ndi kupukusa mutu, kuti mwini galimoto asaone ngati walipira zaulere. Kwa amene ankaopa kudulitsa mawaya, anali ndi chitini chodzaza tizitsulo ta malamba todula ku ziphakasa za galimoto zochita ngozi. Ulowetse kachitsuloko m'malo mwake, galimoto imakhulupirira kuti wamanga, n'kukhala duu.

Boma litakhwimitsa lamulo loti aliyense azimanga lamba, anthu ankati ntchito ya a Mawaya yatha. Inatha kuti? Inachita kuchuluka. Madalaivala anaphunzira kuti akaona apolisi patali amangokoka lamba n'kumukoleka paphewa, dzanja limodzi litamugwira m'chiuno, ndipo akangodutsa amamutaya. Kabelu ndiko kanatsala kokha kosanyengeka, choncho kanayenera kufa.

Pa benchi ya pashedi paja nkhani yake inali yomweyo tsiku ndi tsiku. Wina ankati moyo ndi wake, boma lisalowerere mpaka pachifuwa pake. Wina ankati galimoto ikayaka moto, womanga lamba amapsa akufunafuna pomasulira. Mayi wina wa mu ofesi ankadandaula kuti lamba amamukwinyira bulauzi yosita. Panali dalaivala wa takisi, wamtali, wa mwana mmodzi, amene ankatseka mkangano uliwonse ndi mawu akuti tsiku likakwana lakwana. Wotsutsa anali mmodzi yekha, mkulu wina wogulitsa matayala, amene ankati wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale mnansiyo akhale kabelu. Ankamuseka.

A Mawaya sankalowa nawo mkanganowo. "Ine sindinaletsepo munthu kumanga lamba," ankatero. "Ndimangotseka pakamwa pa galimoto." Chimene ankanyadira chinali chimodzi, ndipo ankachinena mpaka anthu kutopa nacho: pa zaka zonsezi panalibe galimoto yomwe inawakanika. Kunena zoona sankanama. Ndi ntchito imeneyi anaphunzitsa ana anayi, ndipo womaliza, mtsikana, anakhala mphunzitsi.

Mtsikanayo ndi amene anafika Loweruka lina m'mawa, pa kagalimoto kotuwa kamene anagula ndi mwamuna wake. Anali woyembekezera, miyezi isanu ndi iwiri. Sukulu yake inali kutali, ndipo ankayendetsa yekha tsiku lililonse mumsewu wodzaza malole. Kagalimotoko kanalowa pashedi kakulira ti, ti, ti, madalaivala apabenchi n'kuyamba kuseka. Wa takisi uja analipo, chifukwa a Mawaya anali atangomaliza kumutsekera pakamwa galimoto yake yatsopano.

Mphunzitsiyo anatuluka pang'onopang'ono atagwira msana, n'kupereka moni kwa onse.

"Ababa, mundizimitsire kabeluka. Kakundipweteketsa mutu."

"Ukamanga lamba kamasiya," anatero a Mawaya. Aka kanali koyamba kuti auze munthu zimenezi.

"Lambayo akundithina. Ndiye azakhali akuti ndikapitiriza ndimupweteka mwana."

A Mawaya anawadziwa azakhaliwo, poti ndi mlongo wawo, munthu amene sanakhalepo kumpando wakutsogolo koma amadziwa zonse. Sanafune kuwanyoza pagulu. Anayala katoni pansi, n'kugwada, n'kulowetsa mutu pansi pa mpando.

Kapulagi kanali pomwepo, koyera, poonekera. Mwa galimoto zonse, mtundu umenewu ndiwo unali wosavuta. Anakagwira ndi zala ziwiri. Pomwepo anakumbukira zimene ankaona akapita kukadula tizitsulo ku ziphakasa: galasi lakutsogolo litatukumuka malo amodzi, moyang'anizana ndi chiwongolero, kukula kwake ngati mutu wa munthu. Nthawi zonse ankadula kachitsulo kawo n'kuchokapo msanga. Pansi pa mipando ya galimoto zoterozo sankasuzumirapo dala, chifukwa kukulunga kwa tepi yawo ankakudziwa, ndipo ankaopa kukupeza pamenepo. Mantha anawagwira, enieni.

Anagona pamenepo nthawi yaitali, akugogoda apa ndi apo monga mwa masiku onse. Kenako anadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo.

"Iyi yandikanika."

Pabenchi panabuka chiseko. "Madala, mwati bwanji? Bwerezani timve bwino," anatero dalaivala wina. "Lero mvula igwa."

"Mawaya ake analowera mkati mwa kompyuta," anatero a Mawaya, maso ali pa katoni. "Ukadula, injini siilira."

Zinawawawa. Dzina limene analimanga zaka makumi awiri analigwetsa okha ndi pakamwa pawo, pamaso pa anthu amene mawa lomwe akalalika nkhaniyi pa siteji yonse. Koma anaona kuti kuli bwino asekedwe.

Vuto linali lakuti mwana wonamizidwayo anakulira pashedi pomwepo. Ali wamng'ono, akaweruka kusukulu, ndiye ankawagwirira tepi.

"Ababa," anatero motsitsa mawu, koma onse anamva, "kapulagi kake ndi koyera kaja. Ndakaona ndekha dzulo. Ndikanatha kuwerama ndikanazula kunyumba."

A Mawaya anayang'ana kapulayazi kamene kanali m'manja mwawo, n'kukaponya m'chikwama.

"Chabwino. Sikuti yandikanika. Sindidula."

"Chifukwa?"

"Anamwino kusikelo anakuuza chiyani za lamba?"

Mphunzitsiyo anayang'ana kumbali. "Anati wam'munsiyo ndizimudutsitsa pansi pa mimba, winayo pakati pa chifuwa. Koma amasowetsa mtendere, ababa. Komanso ine sindithamanga."

"Amalole aja nawonso sathamanga?"

"Anthu onsewa mumawadulira osawafunsa mafunso. Ine ndalakwanji?"

"Iwe ndiwe mwana wanga," anatero a Mawaya. "Ndipo m'galimotomo simukwera mmodzi. Ukapita kwa wina kukadulitsa, ndidzabwera kunyumba kwako ndidzalumikizenso, mwamuna wako akuona. Kalire mpaka umange."

Mtsikanayo anawayang'anitsitsa. Bambo ake anali asanamukanizepo kanthu chibadwire, ndipo zinkaoneka kuti sakudziwa ngati akwiye kapena alire. Analowa m'galimoto osatsanzika, n'kutseka chitseko mwamphamvu. Analiza injini. Kenako anakoka lamba mwaukali, n'kumutsitsa pansi pa mimba, kukonza wapachifuwa, n'kulowetsa kachitsulo. Kagalimotoko kanatuluka pageti kali chete, ndipo a Mawaya anakaperekeza ndi maso mpaka kanakhota.

Atatembenuka anapeza kuti pabenchi palibe amene akuseka. Wogulitsa matayala anali atabwerera ku matayala ake. Dalaivala wa takisi uja anali ataimirira pafupi ndi galimoto yake, makiyi ali m'manja, akuyang'ana pansi pa mpando pamene panali tepi yatsopano yonyezimira. Mwana wake mmodzi uja amamutenga pa mpando wakutsogolo m'mawa uliwonse popita kusukulu, ndipo a Mawaya anali atadula mawaya a mipando yonse iwiri, monga iye mwini anawapemphera.

Wa takisiyo sanakweze mawu. Anafunsa mwaulemu, ngati munthu wofunsa njira.

"Madala, nanga ifeyo ndife ana a ndani?"