Bokosi Lachitatu pa Fomu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera mwa mlamu wanga, amene ankayendetsa galimoto ya bungwe lina lochita kafukufuku ku Kafue. Ankafuna anthu ofunsa mafunso kwa milungu iwiri. Anatipatsa bodi yotsamirapo polemba, pensulo, chipewa ndi mulu wa mafomu.

Funso lalikulu linali lakuti amayi ogulitsa nsomba ku Chanyanya asamuke padoko kupita ku shedi yatsopano ya kumsewu. Mabokosi oti tichonge anali atatu: inde, ayi, ndi lachitatu lolembedwa m'Chingerezi kuti undecided. Wotiyang'anira, a Mwiinga, anatifotokozera mawuwo kamodzi kokha. "Undecided ni munthu wamene amvela zonse koma mutima uli pabili. Osati wamene ayopa kukamba."

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Kunena zoona, bokosilo ndinkalikonda chifukwa linalibe mafunso otsatira.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinatsalira m'mbuyo ndi mafomu, galimoto ikuliza hutala. Ndinafika pa amake Mutinta, amene ankapala nsomba pafupi ndi mabwato. Wapampando wa komiti ya padoko, yemwe ankafunitsitsa shediyo, anabwera nkuima pambali panga. Nditafunsa, mayiwo anayang'ana bamboyo, kenako mpeni wawo.

"Kaya, mwana wanga," anatero.

Ndinachonga bokosi lachitatu nkuthamangira galimoto. Pa sabata imeneyo ndinachita zomwezo kwa amayi angapo, wapampando ali pomwepo. Powerengera, mafomu a undecided anaikidwa padera, ndipo a inde anapambana.

Patapita miyezi ndinawapeza amake Mutinta pa siteshoni ya mabasi m'tauni, akugulitsa tomato pansi. Ku shedi kumene anawasamutsira kunali kutali ndi mabwato, ndipo asodzi awo anayamba kugulitsa kwa anyamata a njinga. Anandizindikira iwo.

"Ine nenze kufuna kukana. Manje nikanakamba bwanji, ba chairman bali pamene paja? Unalemba chani?"

Ndinawauza. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa.

Ndikugwirabe ntchito yofunsa anthu. Masiku ano munthu akayankha mokayika ndimayamba ndaona amene waima pafupi, ndipo ndimabweranso akachoka, kaya galimoto indisiye. Tsiku lija ndinagula tomato wawo, ndipo anandiikira basera.