Manja a ku Joni, Manja a ku Dambe

Chimanga chitapserera m'munda chaka chachiwiri chotsatizana, ndinauza mkazi wanga Felista kuti ndikupita ku Joni. Tinali pakhonde kwathu ku Dambe, iye akuswa mtedza wa mbewu. Sanakane, sanavomerenso. Anangoti, "Ngati mwaganiza choncho pitani, koma foni izikhala yoyatsa." Patatha milungu itatu ndinakwera minibasi pa Neno Boma, mwana wathu Tamanda ali kumsana kwa amake.

Miyezi yoyamba inali ya maganyu: lero kunyamula njerwa, mawa kutsuka magalimoto. Kenaka mnzanga wina wa kutchalitchi anandipezera ntchito yosesa pa kampani ina yaing'ono yopanga tinyumba tachitsanzo. Anthu ojambula mapulani a nyumba ankabwera kudzapangitsa kanyumba koti makasitomala awo aone, nyumba yeniyeniyo isanamangidwe. Nyumba ya nsanjika zambiri inkangolingana ndi kireti ya zakumwa, ili ndi timitengo panja ndi tianthu tochepa ngati nyemba.

Wopaka penti pamalopo anali a Domingos, bambo wachikulire wa ku Tete, wamfupi, wosalankhula zambiri. Atamva kalankhulidwe kanga tsiku loyamba anaseka, nati, "Wa ku Neno iwe? Basi ndiwe wapakhomo. Tangosiyana phiri."

Ankapopera penti ndi kamfuti kochepa ngati cholembera, kolumikizidwa ku makina a mpweya. Mpaka lero ndikatsinzina ndimawaona atavala masiki, dzanja likuyenda uku ndi uku mosafulumira, penti akugwa ngati nkhungu ya m'mawa ya kumapiri kwathu. Sankadontheza ngakhale kadontho kamodzi.

Tsiku lina ntchito itawachulukira anandiitana kuti ndiwagwirire kazenera ka pulasitiki, kakang'ono ngati chikhadabo. Ndinakatsina ndi zala ziwiri. Atangopopera, mpweya unafuna kukaulutsa, ine n'kufinya, kazenera n'kuthyoka. Kachiwiri sindinafinye, ndipo kanauluka n'kukagwera kuseri kwa kabati. Kanyumbako kankafunika mawa lake. Mwini kampani analowa, anayang'ana zala zanga za penti, n'kunena kuti wosesa azisesa, apo ayi geti ndi ilo. Ndinali nditangoyamba kumene kutumiza kangachepe kunyumba.

"Wolakwa ndine," anatero a Domingos, "ndamupatsa ntchito ndisanamuphunzitse."

Abwana atatuluka, anandikhazika pampando. "Kanthu kakang'ono sitigwira ndi zala, mphwanga. Chala chili ndi mafuta, ndipo pomwe chakhudza penti sagwira." Anatsegula dirowa yodzaza ndi timitengo totokosera m'mano. Kunsonga kwa kamtengo anaikako kaphula konanda ngati chingamu, n'kumata kazenera kumbali yomwe sidzaoneka. Tizidutswa tolemererapo ankatilumitsa ndi tizitsulo ta mano tomangirira ku timitengo towotchera nyama. Tating'onoting'ono kwambiri ankatindandalika pa tepi yomata mbali zonse ziwiri. Akamaliza kupopera, kamtengo ankakazika pa katoni kuti penti aume popanda kukhudza chilichonse. Pofika madzulo tebulo lonse linkaoneka ngati nazale.

Anandiphunzitsanso kutsamiritsa chigongono patebulo, ndi kuzungulitsa kamtengo pakati pa zala pang'onopang'ono kuti penti afike m'ngodya zonse. Sanandikalipirepo. Ndikalakwitsa ankangotenga kachidutswako, n'kukatsuka, n'kundibwezera.

Ntchito inkakoma, koma Lamlungu linkatalika. M'chipinda tinkagona anayi, aliyense maso pa foni yake. Kuti Felista apeze netiweki ankakwera kachitunda ka kuseri kwa sukulu, ndiye tinkalankhula mothamanga. Ndinkafunsa ngati ndalama zafika, iye n'kuyankha kuti zafika, kuno tili bwino. Nthawi ina ndinatumiza chithunzi cha kanyumba komwe tinamaliza. Tamanda, yemwe anali atayamba kulankhula ine kulibe, anatumiza mawu akuti, "Ababa, mumalowa bwanji m'menemo?" Mawuwo ndinawamvera kambirimbiri nditabisala m'bafa kuti anzanga asandione nkhope.

M'chaka chachisanu maso a a Domingos anayamba kufooka. Anandipatsa kamfuti kaja, iwo n'kumandigwirira timitengo, mpaka anakhutira kuti ndatha. Atabwerera ku Tete ndinapitiriza chaka chimodzi, koma pamalopo panazizira. Mapepala anga ondiloleza kukhala ku Joni atatha, sindinavutikenso kuwakonzetsa. Ndinanyamula chikwama.

Ndinafika ku Dambe masana, fumbi thupi lonse. Tamanda anandipatsa moni wa mlendo, atagwada patali. Nyumba inali yomwe ija, yamalata tsopano, koma kuseri kwake kunali chisakasa cha udzu chomwe sindinkachidziwa. Pansi pake panali mizere ya machubu akuda, muli mbande za mandimu ndi mango.

M'mawa mwake ndinapeza Felista atakhala pa kampando m'chisakasamo, lezala ali m'manja. Anasenga kadiso kophukira pa kanthambi ka nachesi, kochepa kuposa njere ya mpunga, osakhudza mkati mwake. Anang'amba pang'ono khungwa la mbande ya mandimu, n'kulowetsa kadisoko ndi nsonga ya lezala, n'kukulunga ndi kapulasitiki. Zonsezi anachita uku akuuza Tamanda kuti aphule madzi pamoto. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, iye akungosuntha chubu ndi chubu.

"Izi unaphunzira liti?" ndinafunsa.

"Chaka chachiwiri mutapita. Alangizi anabwera kudzaphunzitsa amayi kukwatitsa mitengo. Ambiri anasiya, ine ayi."

"Nanga bwanji sunandiuze?"

Anapukuta lezala pa chitenje. "Munkafunsa za ndalama, bambo a Tamanda. Zoti ndaswera ndikutani simunafunsepo."

Sanalankhule mokwiya, koma ndinasowa poyang'ana. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti pakhomo pangoima, pakudikira foni ilire. Ndinapempha lezala kuti ndiyese. Tidiso tiwiri toyamba ndinawononga, kachitatu kanalowa bwino. Anakatembenuza uku ndi uku, nati, "Manja muli nawo, eti. Koma mukuzamitsa."

Tili pomwepo, panja panamveka belu la njinga, ine n'kutuluka kukaona. Anali bambo wina wochokera ku Lisungwi, atamangirira dengu kumbuyo. Anandiyang'ana mosandidziwa, nati, "Odi, kodi pano ndi pa mayi a mbande aja?"

"Ndi pompano," ndinayankha. "Ine ndine amuna awo. Khalani apa, ndikawaitane."