Ndinasaina ndine, Yamikani

Yamikani mchimwene wanga, lero chakwana chaka chichokereni iwe. M'mawa uno a kutchalitchi kwathu ku Brampton aika chithunzi chako pa gulu lathu la pa foni, ati akukusowa. Ndapsa mtima kwambiri. Anthu omwewa ndi amene amanong'onezana kuti ndinakupha ndine, ati ndikanakhala ndi chikhulupiriro sindikanalola madokotala kuzimitsa makina. Masiku 26 amene unagona m'chipatala ku Toronto, kachilombo ka chimfine katawononga mapapo ako, ndani mwa iwo anakwera sitima kudzakuona? Ndani anaona magazi ako akutuluka ndi paipi ya pantchafu ali akuda, makina a ECMO n'kuwapatsa mpweya, n'kubwerera pakhosi ali ofiira?

Unatsegula maso tsiku limodzi lokha. Ndinali kukupaka mafuta kumapazi, pang'onopang'ono, kuopa kukhudza paipi. Kulankhula sunkatha, ndiye unalemba papepala mokhotakhota kuti, "Achemwali, mwadya?" Iwe, munthu woti makina ndiwo akukupumira, kudera nkhawa mimba yanga! Patapita masiku anayi magazi anatayikira mu ubongo. Ine sukulu ndinalekezera sitandade 8, choncho ndinapempha dokotala kuti abwereze katatu mpaka ndinamvetsa kuti sudzadzukanso. Ndinasaina chikalata choti azimitse makina ndili ndekha, popanda wondigwira paphewa. A kutchalitchi aja anene zimene akufuna. Ngati ndinalakwa, ndidzayankha kwa iwe ndi kwa Mulungu, osati kwa iwo.